Munthu amene tinamulemba m'chikalata

Mlamu, taikani kaye foniyo pansi. Mukuti mwana wanu wakupezerani makina ojambula nkhope ya malemu amuna anu, yoti mukaike pa chiliza? Sendezani mpandowo kuno ndikuuzeni zimene zinatigwera ife ku Nathenje, mukamva mukachite zimene mukufuna. Ine nkhani imeneyi ndikangoiyamba mtima umachita kuwira, ndiye mukamva mawu akukwera musati ndikukalipira inu.

Ababa athu, a Jelemiya Kamtedza, anamwalira opanda chithunzi olo chimodzi. Sikuti ojambula kunalibe, iyayi, ankakana okha. Ali mnyamata anapita ku migodi ya ku Joni, ndipo kumeneko anawajambula atawavula malaya, atawakoleka kathabwa ka nambala pakhosi. Atabwerako analumbira kuti palibenso munthu adzawaloze ndi kamera. Pa ukwati wanga wojambula atangodzutsa kamera yake, ababa anamulanda n'kuiponya mu mgolo wa thobwa. Anali otero ababa athu. Munthu wamfupi, wakuda bii, khutu lakumanzere lodukira nsonga ku mgodi komweko, ndipo kuseka kwawo sindikudziwa ngati ndinakumvapo kawiri. Amayi athu, aNangondo, anakhala nawo zaka makumi anayi akuyenda monyang'ama m'nyumba mwawo momwe. Koma ababa atadwala ndine ndinkawamwetsa phala ndi supuni miyezi isanu ndi iwiri, ndipo ndi nkhanza zawo zonsezo anali ababa anga, ndinkawakonda.

Patatha zaka khumi tinagwirizana zomanga chiliza. Apa mpamene analowererapo mlongo wanga wamng'ono, Wyson, amene ali ndi kashopu kosindikiza mapulogalamu a maliro ku Mchesi, pafupi ndi okhoma mabokosi aja. Anabwera kumudzi ndi laputopu yake, atanyada ngati wagula basi.

"Asisi, chiliza chopanda nkhope n'chamanyazi masiku ano," anatero Wyson. "Ndatsegula chikalata chimodzi pa intaneti. Aliyense wa pabanja alembemo zimene akukumbuka za ababa, kaya ali ku Joni, kaya ali ku Mzuzu. Chikalatacho ndachilumikiza ndi makina ojambula aja akuti AI. Munthu akangolembamo mzere, makina awerenga, ajambula nkhope yogwirizana ndi mawuwo, chithunzicho n'kudzitumiza chokha pa gulu lathu la pa foni. Ine sindikhudzapo olo chala. Zimayenda zokha."

Ndinati, "Iwe, ababa anakana kujambulidwa."

"Anakana kamera, asisi Felista. Apa mukuonapo kamera?"

Mwamva kuyankha kwa ana ophunzira? Ndinangomusiya.

Tsono cholakwa chenicheni sichinali cha Wyson yekha, chinali cha tonsefe. Inu mukudziwa mmene timalankhulira za wakufa. Munthu akhale mbava, akhale chidakwa, tsiku la maliro woimira banja amati tataya munthu wofatsa, wokonda anthu, ife n'kumavomera ndi mitu. Pamaliro sizivuta, chifukwa aliyense pansi pamtima amadziwa zoona zake, ndipo mawuwo amathera pomwepo. Koma makina sadziwa mwambo umenewo. Amakhulupirira chilichonse chimene mwawauza.

Azakhali a ku Mzuzu analemba kuti achimwene awo anali munthu wansangala, womwetulira nthawi zonse. Msuweni wathu wa ku Joni anati anali wamtali, wooneka bwino, wokonda ana. Wyson mwiniwake, amene msana wake mpaka lero uli ndi mizere ya lamba, analemba kuti ababa ankatilangiza mwachikondi ndi mawu otsika. Ine kuwerenga zimenezo ndinaseka mpaka misozi, ndikuganiza kuti n'zoseketsa chabe.

Foni inalira, chithunzi chinafika. Bambo wamtali, woyererako, makutu onse athunthu, kumwetulira kwa munthu amene sanakalipirepo olo nkhuku. Pa gulu panadzaza timitima ndi manja opemphera. "Ndi iwowo ndithu!" "Ngati alankhula!" Aa, anthu inu, bodza mpaka pamenepo? Wyson anatumiza nkhopeyo kwa osema mwala tsiku lomwelo, n'kusindikizanso china chachikulu, n'kuchiika mu felemu yagalasi, n'kukawapatsa amayi.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapukuta galasilo ndi nsonga ya chitenje, n'kuchipachika pa khoma moyang'anana ndi bedi lawo.

Ndinati, "Amayi, awatu si ababa."

Iwo anangoti, "Ndaona, mwanawe." N'kupitiriza kuchiwongola kuti chisapendekeke.

Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Ndinaona kuti tabweretsa mlendo m'nyumba, tamupatsa dzina la ababa, ndipo amayi amulandira.

Choyamba kusowa chinali chipewa. Chipewa cha ababa chakhaki chinakhala pa msomali kuseri kwa chitseko zaka khumi, palibe ankachikhudza. Lolemba m'mawa ndikusesa ndinangoona msomali uli wokha. Ndinafunsa amayi, anati sakudziwa. Dzuwa lisanafike pamutu foni inalira, chithunzi chatsopano pa gulu. Bambo uja wavala chipewa chakhaki, ndipo m'mbali mwake pali kabowo pamene khoswe anadya. Kabowo kameneko ndinkakadziwa ine ndi amayi basi.

Ndinamuimbira Wyson. Iye anati mwina wina walembamo za chipewa, makina angotsatira. Ndinati tsegula uone. Ndinamumva akudinadina, kenako mawu ake anatsika.

"Pali mzere pansi penipeni, asisi. Koma sizikuonetsa kuti walemba ndani."

"Ukuti chiyani mzerewo?"

"Ukuti, 'Chipewa chandikwana bwino.'"

Anaseka kuseka kopanda mano, n'kuti ndi msuweni wathu akuchita zachibwana. Msuweniyo atafunsidwa analumbira kuti sanatsegule chikalata sabata yonse.

Lachitatu zinasowa nsapato za ababa zakutchalitchi, zimene zinali m'sutikesi pansi pa bedi. Sutikesi yokiya, kiyi ali pa chingwe m'khosi mwa amayi. Mzere wa tsikulo unati, "Nsapato zikundithina pang'ono koma ndiyenda nazo." Apa ndinayamba kuyang'anitsitsa zithunzi zija, osati nkhopeyo, koma zimene zinali kumbuyo kwake. Choyamba chija kumbuyo kunali mbuu, kopanda kanthu. Cha chipewa, kumbuyo kwake kunkaoneka mabokosi a maliro ataimikidwa m'mbali mwa msewu, pa Mchesi penipeni. Cha nsapato, anali ataima mu depoti, kumbuyo kwake kuli minibasi za ku Dedza. Lachisanu chinafika china ali pa msika wa Nanjiri pakati pa milu ya tomato. Mlamu, munthuyo ankabwera kwathu, ndipo abale anga pa gulu ankangoika timitima, ati makina ndi anzeru.

Ndinapsa mtima kwabasi. Ndinati ngati makinawo amamva zolembedwa, amvenso zanga. Ndinatsegula chikalata pa foni yanga n'kulemba zoona zokhazokha. Ndinalemba kuti ababa anali aafupi ndi akuda. Kuti khutu lawo linali loduka. Kuti ankamwa kachasu Loweruka lililonse, kuti anathyolapo amayi dzino ndi chigongono, kuti sankatha kunena zikomo. Ndinalembanso kuti chaka cha njala ankanama kuti adya kale kwa anzawo, n'cholinga choti chakudya chitikwanire anafe. Ndinkalemba misozi ikudonthera pa foni.

Chithunzi chinabwera. Bambo womwetulira uja analipobe kutsogolo, sanasinthe olo pang'ono. Koma kutali kumbuyo kwake, m'mphepete mwa munda, panaima kamunthu kakafupi, kakuda, katafulatira. Nkhope osaoneka, koma kaimidwe ka mapewa kaja, kopendekera mbali imodzi, ndinakadziwa. Ndinakuwa ndekha pabwalo, "Ababa!"

Mphindi zisanathe khumi azakhali anaimba. "Felista, wapenga? Ukutukwana wakufa pamaso pa ana? Ukufuna achimwene akwiye kumene aliko?" Ndinati azakhali, akwiya kale, mwawalanda dzina n'kupatsa mlendo. Anandidulira foni, n'kufufuta mizere yanga yonse. Chithunzi chotsatira m'mphepete mwa munda munalibe aliyense. Abale ake enieni anamuthamangitsa munthu pa chiliza chake chomwe, ati pomulemekeza.

Lolemba ndinakwera minibasi mpaka ku Mchesi. Ndinalowa m'shopu muja osaodira, makasitomala alipo, n'kumugwira Wyson pa kolala.

"Zimitsa zinthu zakozi. Lero, ine ndikuona."

Sanatsutse. Nkhope yake inali itagwa, maso ofiira ngati sakugona. Anadula kulumikiza kuja, anafufuta chikalata chonse, anafufutanso kumene zofufutidwa zimakakhala, n'kundionetsa kuti palibenso kanthu.

"Zatha, asisi. Palibenso chowerenga, palibenso chojambula."

"Nanga mwala uja?"

"Mwala anasema kale. Loweruka tikuvundukula, anthu tinawaitana kale."

Ndinakwera minibasi yobwerera mtima utatsikako. Titangodutsa pa Nanjiri foni inalira m'chikwama. Sindinafune kuyang'ana, koma ndinayang'ana. Bambo uja anali ataima pa siteji ya akabaza pa Nathenje, pansi pa chikwangwani, chipewa kumutu, akumwetulira. Nthawi yomweyo Wyson anaimba. "Si ine, asisi. Laputopu ndatseka, ili m'chikwama. Si ine."

Nditatsika pa siteji, wakabaza wina dzina lake Zakeyu, bambo wachikulire amene amatinyamula kawirikawiri, anandikodola.

"Mayi Felista, mlendo wanu ndamufikitsa bwino."

"Mlendo uti?"

"Bambo wamtali wa chipewa chakhaki. Anafunsa njira ya kwa aNangondo. Munthu waulemu zedi, mpaka kundifunsa ngati ana ali bwino kunyumba." Zakeyu anakanda m'mutu, n'kuyang'ana njinga yake. "Koma pa chitunda paja sindinatsike kukankha. Njinga inkangoyenda ngati ndili ndekha. Ndiye atandigwira paphewa potsika, ndinayang'ana dzanja lakelo."

"Linatani dzanjalo?"

"Kaya, mayi. Mwina ndi dzuwa. Zala zake zinkaoneka ngati zachuluka." Anakwera njinga. "Lero kwanuko sindipitanso, pezani wina."

Ndinayenda wapansi, theka ndikuthamanga. Kufika pakhomo, zii. Nkhuku zonse zitaunjikana pansi pa nkhokwe dzuwa likuswa mtengo, galu wathu atalowa m'khitchini, mchira pakati pa miyendo. Pakhonde, pa benchi, panali makapu awiri a tiyi. Ina yopanda kanthu, ina yodzaza mpaka m'milomo, itazizira. Amayi anatuluka m'nyumba atavala chitenje chawo cha pa Khirisimasi, atadzola mafuta, nkhope ikuwala.

"Kunabwera ndani, amayi?"

"Palibe, mwanawe. Ndimangomwa tiyi."

"Makapu awiri?"

Anangotola makapuwo n'kulowa nawo m'nyumba, akuimba kanyimbo chapansipansi. Amayi anga, amene sindinawamvepo akuimba kunja kwa tchalitchi.

Masiku anayi otsatirawo sindidzawaiwala. Masana ndikamachapa kuseri ndinkamva amayi akucheza m'chipinda, akuseka kuseka kwa mtsikana. Akasiya iwo, pankamveka kenakake kotsika, ngati munthu akulankhula chitseko chili chotseka kawiri, mawu osamveka chimene akunena. Ndikatsegula, amayi ali okha pa bedi, koma matilesi pambali pawo atalowa pansi, akudzuka pang'onopang'ono. Chithunzi chija ndinachichotsa pa khoma n'kukachiponya m'chimbudzi, galasi ndi felemu yomwe. Amayi sanakwiye n'komwe. Anangondiyang'ana mwachisoni, ngati ndine ndikudwala. Chakudya anasiya, ati sakumva njala. Mikono inayamba kuonda ndikuona, koma nkhope ikuwalirawalirabe.

Ndinaitana abusa, anapemphera, amayi anavomera ame mokweza kuposa tonse. Ndinauza azakhali atafika, iwo anati ndi chimwemwe cha chiliza, ndisiye nsanje. Nsanje, ine! Mayi anga akutha ngati sopo m'madzi, iwo ali kalikiliki kukangana za mtundu wa nsalu yoti tivale Loweruka.

Lachisanu madzulo, alendo ali piringupiringu kuseri ndi zophika, ndinawapeza amayi okha pakhonde. Anakhala kumapeto kwa benchi, atasiya malo a munthu mmodzi. Ndinagwada patsogolo pawo n'kuwagwira mawondo.

"Amayi, ndikupempha. Chinthu chimenechi si ababa. Si munthu n'komwe. Ndi mabodza athu amene tinalemba tokha, avala chipewa ndi nsapato. Chikukutengani, amayi."

Anandisisita m'mutu. Dzanja lawo linali lopepuka.

"Felista, ukuganiza kuti ndazerezeka? Bambo ako ndinagona nawo mphasa imodzi zaka makumi anayi, ndingawasokoneze ndi munthu wina? Ndikudziwa kuti si iwo."

"Nanga bwanji mukumulandira?"

"Chifukwa m'mawa amandifunsa kuti ndadzuka bwanji. Amafunsa, n'kudikira kuti ndiyankhe. Ndikamuuza za bondo langali amamvetsera mpaka ndimalize. Bambo ako sanandifunsepo olo tsiku limodzi, mwanawe. Ndinkadzuka, ndinkadwala, ndinkachira, iwo osadziwa. Nonse munalemba mwamuna amene ndinkamupempha kwa Mulungu ndili mtsikana, ndiye wabwera mochedwa, koma wabwera. Ukufuna ndimuthamangitse?"

Ndinalira pamiyendo pawo ngati kamwana, ndipo nthawi yonseyo mbali ya thupi langa yoyang'ana malo opanda munthu aja inkazizira.

Loweruka m'mawa amayi anati bondo lawawa, kumanda sapita, tikawaimirire. Ndinati ndiye inenso sindipita. Azakhali anandikoka dzanja pamaso pa anthu. "Mwana wamkulu asapezeke povundukula chiliza cha bambo ake? Watichititsa kale manyazi okwanira." Amayi nawonso anati pita, mwanawe, ndili bwino. Ndinapita. Chimenecho ndimadziimba nacho mlandu mpaka lero.

Kumanda abusa analalikira, kwaya inaimba, woimira banja anabwerezanso zomwe zija za munthu wofatsa. Kenako ine ndi Wyson anatiitana kuti tigwire nsalu yoyera yokuta mwala. Titangoikoka, nkhope ija n'kuonekera ikumwetulira pamwamba pa dzina la ababa, mafoni onse a pabanja analira nthawi imodzi, m'matumba, m'zikwama, m'mabere mwa azimayi. Kwaya inasiya nyimbo pakati. Wyson anatulutsa yake, anayang'ana, n'kukhala pansi m'fumbi ndi suti yake.

Chinali chithunzi cha pakhonde pathu. Pa benchi anakhala bambo uja, ndipo pambali pake amayi, chitenje cha pa Khirisimasi, mutu atatsamiritsa paphewa pake, akuseka mano onse panja, ndi dzino lothyoka lija lili lathunthu.

Ndinataya nsapato n'kuthamanga. Ndinawapeza pa benchi pomwepo, kumapeto, mutu utapendekera mbali ngati watsamira chinachake. Thupi linali lisanazizire. Ndinawagwedeza, ndinawaitana, ndinatukwana chinthucho ndi matukwano onse amene ndikuwadziwa, koma pakhonde panali ine ndi amayi basi. Kuchokera tsiku limenelo sikunabwerenso chithunzi china.

Tinawaika Lolemba, pambali pa ababa monga mwa mwambo. Azakhali ankauza anthu kuti taonani chikondi, aNangondo atsatira amuna awo tsiku la chiliza. Ine ndinangoluma mlomo mpaka magazi. Atsatira amuna awo ati? Wyson anabwera kudzagwada kuti ndimukhululukire, ndinamuuza kuti adikire, mwina chaka chamawa. Ntchito yojambula akufa anaisiya, pano amasindikiza makhadi a ukwati.

Tsiku lolambula kumanda litafika ndinatenga hamala ndi tchizulo m'chikwama. Anzanga ali kalikiliki ndi makasu, ine ndinagwada pa chiliza paja n'kugoba nkhope ija mpaka panatsala chibowo choyera. Palibe anandiletsa. Nditamaliza ndinakhala pansi pakati pa manda awiriwo, thukuta lili kamukamu, ndikuganiza kuti mtima utsika. Koma mkwiyo umene ndinali nawo pa Wyson, pa azakhali ndi pa makina aja unangotembenuka wokha n'kuloza kwina.

Ndinamenya mwalawo ndi chikhatho n'kunena mokweza, anthu onse akumva, "Ababa, ndakumenyerani nkhondo ndekha, ndakubwezerani dzina lanu. Koma inunso munaonjeza. Kungoti 'mwadzuka bwanji, Nangondo', kamodzi kokha pa zaka makumi anayi, kukanakuthyolani chiyani? Onani tsopano, mwagona nokha."